Anditsekera chanelo chifukwa cha zigoli za Premier League, ndidandaule bwanji?

Imelo yabwera kuchokera kwa m'bale wina amene amaika tizidutswa ta zigoli za Premier League pa chanelo chake cha YouTube. Akuti pansi pa vidiyo iliyonse amalemba kuti "si zanga, eni ake ndi a SuperSport" komabe amupatsa ma strike atatu, machenjezo a YouTube oti waika za eni osapempha, ndipo chanelo chatsekedwa, ndiye akufuna kudandaula poti ena akuika zomwezo koma sakuwakhudza.

Achimwene ndikuyankhani, koma funso lanu landigunda pabala ndiye mundilole ndiyambire kwina.

Ine ndimadyera kamera. Maukwati, zinkhoswe, makwaya, ndi zimene zimalipira lendi kwanga. Chaka china amayi a kwaya ya kumudzi kwathu anasonkha ndalama zogulitsa mtedza ndi soya kuti ndiwajambule vidiyo ya nyimbo zawo, cholinga agulitse ma DVD ndi mafulashi patchalitchi agule kibodi ndi yunifolomu yatsopano. Tinakwera phiri m'mamawa kuti tipeze dzuwa labwino, amayi ena ana kumsana, mayi wina wachikulire ankavula nsapato pokwera nkuzivalanso tikafika pojambula kuti zisathe, nyimbo imodzi kubwereza mpaka mawu kusasa, ine nkumakonza usiku magetsi akabwera. Tsiku lokhazikitsa lisanakwane vidiyo ija inali kale pa baning'i senta pa tireding'i, mnyamata akuthira m'mamemori khadi a anthu pa ndalama yosakwana ndi ya mandasi. Posakhalitsa ndinaipeza pa chanelo cha munthu wina, wamata logo yake pamwamba pa yanga, pansi walemba kuti ulemu upite kwa eni ake. Patsiku la mwambo anthu anabwera ndithu, anavina, koma ogula anali ochepa chifukwa aliyense anali nayo kale mufoni. Amayi apampando anandikokera pambali nkundifunsa motsitsa mawu kuti "mwanawe, nanga ya kibodi ija ituluka pati?" Ndinasowa chowayankha ndipo mpaka pano chimandiwawa.

Ndiye mukandiuza kuti munalemba dzina la eni ake, ine sindikuona chimene chikukutetezani pamenepo. Zili ngati kutenga njinga ya mnzako osapempha nkumakapangira kabaza, kumbuyo utalemba kuti njingayi ndi ya uje. Mawu amenewo akungosonyeza kuti mumadziwa kuti si yanu. Chilolezo chimaperekedwa ndi mwini wake basi.

Ndikudziwa mutero kuti amayi a kwaya ndi osauka pomwe Premier League ndi mabwana a ndalama, kachigoli ka masekondi 30 kawachotsera chani. Njala ya mpira ndikuidziwa, DStv si aliyense angakwanitse mwezi ndi mwezi, nchifukwa chake mavidiyo sho amadzadza Arsenal ikamasewera ndi Manchester United anthu kukhala mothithikana pamabenchi mpaka ena kuima pakhomo. Koma SuperSport imalipira ndalama zambiri kuti ikhale ndi ufulu woonetsa ligi imeneyi kuno kum'mwera kwa Sahara, ndipo tizidutswa ta zigoli timeneti nato ndi malonda, anthu ambiri safuna mphindi 90 zonse amangofuna zigolizo. Lamulo limene likuwateteza iwo ndi lomwelo limene likanateteza amayi aja. Ndipo ndaona ndi maso anga kuti amene wazolowera kutenga za olemera saima pomwepo, mawa atenga za woimba wa ku Ndirande amene anakongola ndalama ya situdiyo. Kuno kwathu bungwe la COSOMA loteteza ntchito za oimba ndi olemba lilipo kuyambira 1992, lamulo la Copyright Act linakonzedwanso mu 2016, panali mpaka timastika ta hologram pa matepi ndi ma CD, koma oimba athu angati akukalamba opanda kanthu nyimbo zawo zikulira m'minibasi iliyonse? Ife tomwe timawadya, nkumadzasonkha za bokosi akamwalira. Ayi abale, pamenepa ine sindisuntha.

Zoti ena akuika koma sakugwidwa, tsiku lawo silinafike chabe, musamangepo mlandu wanu.

Sindikunena kuti makampaniwa salakwitsa. Mu 2007 mayi wina wa ku America, Stephanie Lenz, anaika vidiyo ya masekondi 29 ya mwana wake akuvina kukhitchini nyimbo ya Prince ikumveka chapatali, a kampani ya nyimbo ya Universal anaichotsetsa pa YouTube, iye anakasuma, ndipo mu 2015 khoti la apilo linagamula kuti mwini zinthu ayenera kuyamba waganizira ngati zagwiritsidwa ntchito mwa fair use, kutanthauza m'njira imene lamulo limalola popanda kupempha chilolezo, asanalamule kuti zichotsedwe. Chaka chomwecho cha 2007 kampani ya TV ya Viacom inasumira YouTube ikufuna madola 1 biliyoni chifukwa cha tizidutswa ta mapulogalamu ake, mlandu unatha mu 2014 atagwirizana kunja kwa khoti, ndiye musadabwe kuti YouTube sichedwa kuchotsa zinthu, nayonso ikudziteteza. Koma onani kusiyana kwake, mayi uja vidiyo anajambula yekha, mwana ndi wake. Inu munadula chigoli pa TV nkuchiika momwemo osawonjezerapo kanthu.

Mmene strike imayendera

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Content ID ndi makina amene amafananiza vidiyo yanu ndi za eni ake, akaipeza amatha kuitchinga kapena kutenga ndalama za malonda, koma imeneyo si strike. Strike imabwera mwini wake akatumiza pempho lalamulo loti vidiyo ichotsedwe, motsatira lamulo la ku America la DMCA la 1998. Imatha pakapita masiku 90 ngati mwachita kasukulu kawo ka Copyright School, koma zikakwana zitatu chanelo chimapita ndipo malamulo awo amaletsa kutsegula china.

Njira zodandaulira ndi ziwiri. Mutha kulembera amene anakunenezani mwaulemu kupempha kuti abweze dandaulo lawo, palibe chimene mutaye poyesa ngakhale kwa anthu a mpira mwayi ndi wochepa. Ina ndi counter notification, kalata yopita ku YouTube yotsutsa dandaulo lawolo, ndipo apa chonde samalani. Mumapereka dzina lanu lonse, adilesi ndi nambala ya foni ndipo zonsezo zimapita kwa amene anakunenezaniwo, mumalumbira kuti vidiyo inachotsedwa molakwika, mumavomeranso kuti akhoza kukusumirani kukhoti la ku America, kenako iwo amapatsidwa masiku 10 a ntchito kuti asonyeze kuti ayamba mlandu, akapanda kutero vidiyo imabwerera. Imeneyi ndi ya munthu amene ali ndi chilolezo, kapena zinthu ndi zakedi, kapena anagwiritsa kachidutswa pofotokoza ndi kuunika. Pa zigoli zodula pa SuperSport musatumize achimwene, mukhala mukulumbira bodza.

Ngati mpira mumaukondadi, tengani foni yanuyo Loweruka mupite pabwalo la kwanuko pamene pali bonanza, mupemphe okonza mpikisano akuloleni, mujambule zigoli za anyamata amene palibe akuwajambula, muike pa tsamba lanu la Facebook kapena TikTok ndi mawu anuanu ofotokoza masewerowo.