Mwana wodwala mtima akatentha thupi masabata atatu: yankho kwa mayi wa ku Katete

Mayi wina wa ku Katete wandilembera pa imelo. Mwana wawo wa zaka 16 ali ndi valavu ya mtima yowonongeka, ndipo amabayidwa nyeleti ya benzathine penicillin mwezi uliwonse. Patha masabata atatu thupi likutentha, usiku thukuta lili kamukamu, chakudya sakuchifuna. Malungo amuyeza kawiri koma sanapezeke. Mwezi watha anamuzula dzino. Funso lawo ndi lakuti: ndimugulire Amoxyl, kapena ndidikire?

Amayi, musagule mankhwala, ndipo musadikire. Pitani naye lero ku St Francis kapena ku Chipata Central Hospital, ndipo mawu oyamba kwa dokotala akhale akuti valavu yake ndi yowonongeka komanso anazulidwa dzino. Buku lake la kuchipatala musalisiye.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi matenda otchedwa infective endocarditis, amene amabwera tizilombo tikakhazikika pa valavu ya mtima. Mtima uli ndi mavalavu anayi, amene amatseguka ndi kutseka ngati zitseko kuti magazi asabwerere m'mbuyo. Kuno kwathu chowawononga kwambiri ndi zilonda zapakhosi za mabakiteriya a streptococcus zimene sizinachiritsidwe paubwana, ndipo valavu ya mitral, ya kumanzere kwa mtima, ndiyo imavulala kawirikawiri. Dzino likazulidwa, kapena nkhama zikamatuluka magazi, tizilombo ta m'kamwa timalowa m'magazi. Pa valavu yabwino sitikhalitsa, koma pa yowonongeka timakakamira n'kumanga timibulu. Nyeleti ya mwezi ndi mwezi ija imateteza kuti rheumatic fever, nthenda yotsatira zilonda zapakhosi zija imene imawononga mavalavu, isabwerere. Koma matenda a endocarditis siwatsekera njira. Makolo ambiri sauzidwa zimenezi, ndipo zimandipweteka mtima.

Timibulu timeneti ndito toopsa. Timadya valavu mpaka kuiboola, mtima n'kulephera kupopa bwino: mwana amapuma mobanika, sangathe kugona chagada, miyendo imatupa. Kachidutswa kakathothoka kamayenda ndi magazi. Kakatseka mtsempha wa mu ubongo, ndi sitiroko, ngakhale kwa mnyamata wa msinkhu wakewu. Impso nazo zimawonongeka, mkodzo n'kumatuluka ndi magazi. Mukaona pakamwa papotoka, mawu sakumveka, kapena dzanja lafooka, imeneyo ndi ngozi ya ola lomwelo, usiku kaya usana.

Chifukwa chimene ndikukanira Amoxyl ndi ichi. Madokotala amafunika kutenga magazi kangapo n'kuwasunga ku labu kuti kachilombo kamere, adziwe mtundu wake ndi mankhwala okapha. Makapisozi omwa kunyumba amaziziritsa thupi masiku ochepa, amabisa kachilombo pa kuyezako, koma mkati mwa timibulu tija samafikamo mokwanira. Pemphaninso kuti amuunike mtima ndi makina a echo.

Akawapeza matendawa, konzekani kukhalitsa. Mankhwala ake ndi a m'mitsempha, masabata 4 mpaka 6, ndipo thupi likazizira sabata yoyamba sindiye kuti wachira. Ndikudziwa kuti kumunda ndi ana ena kukudikira. Kambiranani ndi achibale msanga za wosinthana naye podwazika. Valavu ikawonongeka kwambiri angakutumizeni ku Lusaka, ku UTH kapena ku National Heart Hospital, kuti akaone za opaleshoni.

Akachira, dzino lina lisadzazulidwe musananene za mtima wake, chifukwa amene anadwalapo matendawa amapatsidwa mankhwala oteteza asanamugwire m'kamwa.