Mafunso a Owerenga: Kapinga wa Pabwalo M'miyezi Yotentha

FUNSO: Ndimakhala ku Salima, ndipo pabwalo pa nyumba yanga pali kapinga amene amakongola kwambiri m'dzinja. Ukangofika mwezi wa Okutobala amauma yense, ngakhale kuti mnyamata wantchito amamuthirira ndi keni madzulo aliwonse. Bilu ya madzi yakwera, koma bwalo likuonekabe lofiira. Kodi ndizule kuti ndidzale mtundu wina wa udzu? (Mayi wa ku Salima)

YANKHO: Mayi, musazule. Kapinga, amene akatswiri a zomera amamutcha Cynodon dactylon, ndi udzu wopirira chilala kuposa mitundu yambiri imene mungadzale m'malo mwake, ndipo kufiira kumene mukuonako nthawi zambiri sikutanthauza kuti wafa. Madzi akachepa m'nthaka, udzuwu umalola masamba kuuma, koma mizu ndi timitsitsi toyenda pansi pa dothi timakhala tili moyo, kudikira mvula yoyamba. Kuti mutsimikize, fukulani pang'ono ndi mpeni, mutenge kamtsitsi kamodzi ndi kukapala ndi chikhadabo. Ngati m'kati mwake muli moyera kapena mobiriwira pang'ono, ndipo kakupindika osathyoka, kapinga wanu ali moyo. Kakufa kamakhala kakuda, kopepuka, ndipo kamathyoka msanga.

Vuto lalikulu lili pa kathiriridwe. Madzi a keni owazidwa tsiku ndi tsiku amanyowetsa sentimita imodzi kapena awiri okha a pamwamba pa dothi, ndipo mumchenga wa m'mbali mwa nyanja amenewo amakhala atauma dzuwa lisanafike paliwombo. Mizu imatsata chinyezi, choncho imazolowera kukhala pamwamba, pomwe dothi limatentha kwambiri, m'malo mozama pansi pomwe pali pozizira. Kuthirira kotereku kumatha madzi kwinaku kukufooketsa udzu womwewo.

Kuti kapinga akhale wobiriwira nyengo yotentha, amafuna madzi okwana pafupifupi mamilimita 25 pa sabata, kutanthauza malita 25 pa sikweya mita iliyonse. Bwalo la mamita 10 mulitali ndi mamita 10 mulifupi limafuna malita 2,500 pa sabata, zomwe ndi zidebe 125 za malita 20. Madzi amenewa sathiridwa pang'onopang'ono tsiku lililonse, koma ochuluka pa nthawi imodzi kuti alowe masentimita 15 kapena kuposerapo. Mudothi lamchenga ngati la ku Salima ndi Mangochi, agaweni kawiri kapena katatu pa sabata, chifukwa mchenga susunga madzi. Pakatondo, monga m'madera ambiri a Lilongwe, kamodzi kapena kawiri n'kokwanira. Pamakande a ku Chikwawa ndi Nsanje, komwe kutentha kumapitirira madigiri 40, thirirani mwapang'onopang'ono, chifukwa dothi lamtunduwu likang'aluka madzi amangothawira m'ming'alu. Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo mukatha kuthirira zikani chitsulo kapena mpeni wautali pansi: ukalowa mosavuta masentimita 15, madzi afika pamene akufunika.

Maganizo anga ndi akuti mabanja ambiri sayenera kulipira madzi ochuluka chotere chifukwa cha udzu, makamaka pa nthawi imene madzi akumwa amavuta. Ndi nzeru kusankha kachigawo kamodzi kakang'ono, mwina ka patsogolo pa khonde, n'kumakathirira mokwanira, ndipo kwinako kulola kuti kuume mpaka mvula ibwere. Kumene mwakusiyako muzingothirirako bwino kamodzi pa masabata atatu kapena anayi kuti mizu isafe, komanso musalole kuti galimoto iziima pamenepo kapena ana azisewerapo mpira, popeza udzu wouma sungathe kudzikonzanso ukapondedwa. Madzi otsukuluzira zovala ndi osambira angathandize, malinga ngati mulibe mankhwala oyeretsera zovala kapena mafuta a m'mapoto, ndipo muzisintha malo othirapo kuti mchere wa m'sopo usaunjikane pamodzi.

FUNSO: Ndimauza wantchito kuti azitchetcha kapinga mpaka pansi penipeni n'cholinga choti asamatchetche kawirikawiri, ndipo m'mawa uliwonse amasesa bwalo lonse. Tsopano pabwalo patuluka zigamba zopanda udzu, ndipo chiswe chalowapo. Ndichite chiyani? (Bambo wa ku Area 25, Lilongwe)

YANKHO: Bambo, zinthu ziwiri zimene mwatchulazo, kutchetcha mpaka pansi ndi kusesa tsiku lililonse, ndizo zabweretsa zigambazo. Masamba a udzu ndiwo amapanga chakudya cha mizu komanso amaphimba dothi kuti lisatenthe. Akadulidwa mpaka dothi kuonekera mu Okutobala, chinyezi chimatha mofulumira ndipo maso a udzu, pomwe masamba atsopano amaphukira, amapsa ndi dzuwa. M'miyezi yotentha kapinga asiyidwe wotalika masentimita 4 kapena 5, ndipo pa ulendo umodzi musadule kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwake. Udzu umene wauma kale ndipo sukukula usatchetchedwe n'komwe. Ngati mumagwiritsa ntchito chikwakwa, chinoledwe bwino, chifukwa chobuntha chimang'amba masamba m'malo mowadula, ndipo nsonga zong'ambikazo zimayera ndi kuuma patangopita tsiku limodzi kapena awiri. Chikwakwa chilinso ndi vuto lakuti pamene pali kachitunda chimapala dothi, kotero wotchetcha ayenera kukweza dzanja pamalo otero.

Chizolowezi chosesa bwalo m'mamawa n'chabwino pabwalo la dothi, koma pakapinga tsache lolimba limachotsa dothi lachonde la pamwamba pamodzi ndi tizidutswa ta udzu tomwe tikanaola n'kusanduka manyowa. Masamba a mitengo atoleni ndi reki, koma tizidutswa tating'ono ta udzu wotchetcha tisiyeni pomwepo. Mulu waukulu wa udzu wouma ndiwo muyenera kuuchotsa, chifukwa umaphimba udzu wamoyo komanso umaitana chiswe.

Chiswe chimakonda udzu wouma ndi wofooka. Mukayang'anitsitsa m'zigambazo muona timabowo ndi timilu ta dothi, ndipo nthawi zina muona chiswecho chikukokera tizidutswa ta udzu kudzenje. Kupopera mankhwala bwalo lonse sikuthandiza kwenikweni ngati chulu chake chili pafupi, mwina kuseri kwa mpanda kapena pansi pa chitsa chakale, choncho yambani mwafufuza kumene chikuchokera. Mankhwala achiswe mugule m'sitolo yovomerezeka ya zaulimi, mutsatire muyeso wolembedwa pabotolo, ndipo ana, nkhuku ndi agalu asafike pamalopo mpaka nthawi yolembedwayo itakwana. Zigambazo musavutike nazo panopa. Mvula ikakhazikika mu Disembala, tipulani dothi ndi foloko, sakanizanimo manyowa, ndipo mudzalemo timitsitsi ta kapinga motalikirana masentimita 15, totengedwa m'mphepete mwa bwalo lanu lomwelo.

FUNSO: Ndili ndi feteleza wa yuriya wotsala kumunda. Kodi ndingathire pakapinga wouma kuti abiriwire msanga? (Wowerenga wa ku Balaka)

YANKHO: Ayi, musathire panopa. Yuriya ali ndi nayitirojeni wokwana 46 peresenti, ndipo akagwera paudzu wosowa madzi amawotcha masamba ndi mizu, pomwe gawo lina limangouluka ndi kutentha osalowa m'nthaka. Dikirani mpaka mvula itagwa kangapo ndipo udzu wayamba kuphuka wokha. Pamenepo magalamu 10 pa sikweya mita, kapena kilogalamu imodzi pabwalo la mamita 10 mbali zonse, ndi okwanira. Muwaze mofanana ponseponse masamba ali ouma, kenako muthirire ngati mvula sikubwera tsiku lomwelo. Manyowa ankhuku kapena ang'ombe owolerana bwino, osefedwa ndi kumwazidwa mopyapyala, amachedwa kuonetsa zotsatira koma amathandiza dothi kusunga chinyezi m'chilimwe chotsatira, chinthu chimene yuriya sangachite. Aawisi musathire, chifukwa amawotcha udzu komanso amabwera ndi njere za udzu wosafunika.

FUNSO: Pansi pa mtengo wa mango kapinga amakana kumera ngakhale ndimathirira. Cholakwika n'chiyani? (Mayi wa ku Mangochi)

YANKHO: Mayi, madzi si amene akusowa pamenepo. Kapinga amafuna dzuwa la maola osachepera 6 pa tsiku, ndipo mthunzi wa mango ndi wothithikana chaka chonse, pomwe mizu ya mtengowo imalandanso chinyezi chimene mwathira. Mungathe kudulira nthambi za m'munsi mukatha kutchola mango kuti kuwala kuzilowa, kapena kufunsa kwa ogulitsa mbande udzu wotchedwa LM, umene umapirira mthunzi kuposa kapinga ngakhale umafuna madzi ochulukirapo. Pafupi ndi thunthu penipeni, pamtunda wa mita imodzi kapena awiri, palibe udzu umene ungakule bwino, ndipo ndi bwino kuyalapo miyala kapena njerwa n'kuikapo mpando.