Mdala Dusty Baker anasewera kaye asanakhale pabenchi

Achimwene mwafunsa ngati mdala uja ankakhala akutafuna kamtengo kotokosera m'mano pabenchi ya Houston Astros anasewerapo baseball kapena anangopatsidwa timu, komanso chifukwa chake anthu ankamunena kuti ndi watsoka. Ndiyankha motalikako ndithu chifukwa Dusty Baker ambiri anamudziwa atakalamba kale.

Kusewera anasewera, masizoni 19 m'ligi yaikulu kuyambira 1968 mpaka 1986. Anali outfielder, mmodzi mwa atatu aja amaima kutali kumapeto kwa bwalo kudikira mpira womenyedwa m'mwamba kuti auwakhe usanagwe pansi, ntchito yofuna liwiro komanso dzanja loponya patali. Anabadwira ku Riverside, California mu 1949, ndipo Atlanta Braves inamutenga mu 1967 ali mnyamata. Ndiye tangoganizani mwana wachikuda akuchoka ku California kupita kummwera kwa America nthawi imene tsankho linali poyerayera, makolo nkhawa basi. Apa ndi pomwe Hank Aaron analonjeza mayi ake kuti amuyang'anira ngati mwana wake, ndipo anachitadi zimenezo. Pa 8 April 1974, tsiku limene Aaron anamenya home run (kumenya mpira mpaka kutuluka kunja kwa mpanda wa bwalo) ya nambala 715 n'kupitirira Babe Ruth amene anali ndi ma home run ambiri kuposa onse, uku akulandira makalata omuopseza kuti amupha, amene anaima pambali kudikira kumenya pambuyo pake anali Dusty yemweyu. Ine ndimaona kuti ukochi wake unayambira pamenepo, kuona ndi maso mmene munthu wamkulu amasenzera chitonzo koma ntchito n'kumagwirabe.

Mu 1976 anapita ku Los Angeles Dodgers ndipo ndi kumene anawala. Mu 1977 anamenya ma home run 30, mu 1981 anawina World Series, fainolo ya ligi yaikulu, atagonjetsa New York Yankees, chaka chomwecho analandira Gold Glove ya kuwakha bwino, ndipo anasankhidwa mu All-Star, gemu ya mapleya opambana m'ligi, 1981 ndi 1982. Anamalizira ku San Francisco Giants kenako Oakland, ma home run onse 242. Sanali wa msinkhu wa Aaron ayi koma anali pleya wodalirika kwambiri.

Za ukochi, mu 1987 mkulu wina wa Dodgers, Al Campanis, ananena pa TV kuti anthu akuda mwina alibe zofunika kuti ayendetse timu, anachotsedwa ntchito. Chaka chotsatira Baker analowa ku Giants ngati kochi wa pa first base, kenako kochi wa omenya mpira, ndipo 1993 anamupatsa timu yonse. Sizoni yoyamba yomweyo anawina magemu 103 koma ma playoffs sanalowe chifukwa Atlanta inawina 104, tsoka anthu amanenalo linayambira apa. Mu 2002 anafika pa World Series, gemu ya 6 akutsogola 5-0 kapu ili pafupi, Anaheim Angels inabweza n'kuwinanso gemu ya 7. Mu 2003 ali ku Chicago Cubs kunangotsala ma out asanu, kutulutsa omenya mpira asanu a adani, kuti alowe World Series koma Florida Marlins inawatembenuza. Ku Cincinnati Reds ma playoffs ankalowa koma osapita patali, ku Washington Nationals anawina division, gulu la matimu a chigawo chawo, 2016 ndi 2017 koma kontrakiti sanamuonjezere, ndipo zimenezi ine mpaka lero zimandipweteka.

Omunena anali ndi mfundo zawo, sindingakane. Ankati amatopetsa ma pitcher (oponyera mpira omenya) achinyamata, amatchula Mark Prior ndi Kerry Wood ku Cubs omwe anavulala pambuyo pake, ena ankati ndi wachikale safuna kumvera za manambala zomwe matimu amadalira masiku ano. Za ma pitcher zija pali choonadi, ankawasiya aponye mipira yambiri, ngakhale nthawi imeneyo makochi ambiri ankatero. Koma kunena kuti ndi kochi wolephera ndiye ayi, munthu sungatenge matimu asanu osiyana kupita nawo ku ma playoffs mwamwayi, ndipo iye ndi woyamba kuchita zimenezo. Manager of the Year katatu, 1993, 1997 ndi 2000. Mu baseball sizoni ili ndi magemu 162, miyezi sikisi anyamata ali limodzi tsiku ndi tsiku m'ndege m'mahotela, wina banja lavuta wina sakumenya bwino, ndiye kochi wodziwa kulankhula ndi munthu aliyense payekha ndi wofunika kuposa momwe timaganizira, ndipo mphatso ya Dusty inali imeneyo, mpaka Barry Bonds, pleya wa Giants amene ankadziwika kuti ndi wovuta, anakhala naye zaka 10.

Umboni wake ndi Houston. Zitadziwika kuti Astros inkabera ndi kamera zizindikiro zimene adani amapatsana za mmene pitcher aponyere mpira mu 2017, kochi A.J. Hinch anachotsedwa kumayambiriro kwa 2020, timu ikudedwa dziko lonse, kulikonse akupita akukuwizidwa. Anafuna munthu amene aliyense amamulemekeza, anaitana mdalayu. Mu 2021 anafika pa World Series n'kuluza kwa Atlanta, 2022 anabwereranso n'kumenya Philadelphia Phillies magemu 4-2, ali ndi zaka 73, kochi wa zaka zambiri kuposa onse amene anawinapo kapu imeneyi, komanso wachitatu wachikuda pambuyo pa Cito Gaston ndi Dave Roberts. Anasiya mu October 2023 Texas Rangers itawatulutsa, atawina magemu 2,183 ngati kochi, kenako anabwerera ku Giants kukakhala mlangizi.