Kodi "inertia" ndi ulesi?

Wowerenga wina wa Fomu 3 wanditumizira imelo. Akuti mawu akuti inertia anawaphunzira m'kalasi ya Physics, koma dzana anamva munthu pa wailesi akudandaula za inertia ya m'maofesi. Akufunsa ngati ndi mawu amodzi omwewo, komanso ngati amatanthauza ulesi.

Ndi amodzi, achimwene, koma mukangoti ulesi mwasiya theka la nkhani. Anachokera ku Chilatini, iners, chinthu chongokhala osagwira ntchito. Johannes Kepler, amene anawalowetsa mu sayansi, ankaganizanso choncho: kuti chilichonse chikasiya kukankhidwa chimaima. Galileo anatsutsa maganizo oterowo, ndipo mu 1687 Isaac Newton analemba lamulo lomwe mukuliloweza lija: choima chimakhalabe choima, choyenda chimapitirira molunjika pa liwiro lomwelo, pokhapokha mphamvu ina itachisokoneza.

Gawo lachiwirili ndi limene ambiri amaliiwala, ndipo zimandiwawa chifukwa ndi lomwe limapha anthu pamsewu. Muli mu minibasi, mbuzi yadumphira mumsewu, dalaivala waponda buleki. Chipumi chanu chakagunda mpando wakutsogolo, tomato wa mayi apambali panu wagubuduka mpaka kumapazi kwa kondakitala. Palibe wakukankhani. Galimoto yaima, koma thupi lanu likupitiriza ulendo, ndipo ntchito ya lamba wa pampando ndi kuliimitsa galasi lisanatero. Chinthu chikakhala cholemera kwambiri, inertia yake imakulanso. N'chifukwa chake lole yodzaza simenti imavuta kunyamuka, imavutanso kuima. Kumlengalenga, komwe kulibe mpweya wochigwira, chombo cha Voyager 1 chomwe chinanyamuka mu 1977 chikuthamangabe makilomita pafupifupi 17 pa sekondi popanda injini yochikankhira kutsogolo.

Choncho wa pa wailesi uja mwina sankanena kuti anthu akugona pa desiki. Ofesi ikhoza kukhala yotanganidwa tsiku lonse, zidindo zikulira, mafayilo akuyenda, koma ikuchita zinthu mmene inkachitira zaka makumi atatu zapitazo chifukwa palibe wabwera kudzaikhotetsa. Nayonso ndi inertia: kukana kusintha, kaya waima kaya ukuyenda.

Tanthauzo lakale lija lidakalipo kuchipatala, komwe azamba amati uterine inertia chiberekero chikafooka kukankha mwana. Polemba mayeso, kumbukirani kuti inertia si mphamvu yokankha ayi, ndi khalidwe la chinthucho, ndipo muyezo wake ndi mass (kuchuluka kwa zinthu zimene zapanga chinthucho), yomwe timaiwerenga m'makilogalamu.