Funsani aloya: Andikaniza laisensi osandiuza chifukwa

FUNSO: Ndinapempha laisensi ya shopu ku ofesi ina yaboma muno mu Harare. Patapita miyezi, kalaliki wa pawindo anangoti "pempho lanu lakanidwa", basi, kalata osandipatsa. Kodi khoti lingawalamule kuti andipatse laisensiyo?
Mayi wa ku Mufakose

YANKHO: Mayi, mawu a pawindo simungapite nawo kukhoti. Yambani mwapeza zifukwa zolembedwa. Gawo 68 la malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 limati aliyense amene wakhudzidwa ndi chigamulo cha ofesi yaboma ayenera kupatsidwa zifukwa mwamsanga, ndiponso papepala. Lamulo la Administrative Justice Act la 2004 limabwerezanso zomwezo m'gawo 3.

Lemberani kalata mkulu wa ofesiyo. Tchulani tsiku limene munapereka pempho, nambala ya lisiti, tsiku limene anakukanizani, ndipo pemphani zifukwa, mukuwapatsa masiku oti ayankhe, tinene 14. Mukapite ndi makope awiri, imodzi akudindireni chidindo chatsiku n'kubwerera nayo kunyumba. Ambiri amagwa pamenepa: amasiya kalata m'manja mwa mlonda pageti, tsiku la mlandu ofesi n'kumati sinalandire kanthu.

Akakhala chete, High Court ili ndi mphamvu yowalamula kupereka zifukwazo. Akayankha, werengani mofatsa. Mzere umodzi woti "simunakwaniritse zofunika" si chifukwa, anene chimene chasowacho.

Tsono pa funso lanu lenileni. Pounikanso chigamulo, jaji safunsa ngati iye akanapereka laisensi. Amaona njira imene yatsatidwa: kodi wogamulayo anali ndi mphamvu zimenezo? Anakupatsani mpata wonena mbali yanu? Panali kukondera, njiru kapena ziphuphu? Mukapambana, kawirikawiri chigamulo chimafafanizidwa, nkhani n'kubwezedwa ku ofesi yomweyo kuti akayione mwatsopano. Angathe kukukanizaninso, koma ulendo uno ndi zifukwa zomveka. N'zapatalipatali kuti khoti lipereke lokha laisensi.

Samalani nthawi. Malamulo a High Court a 2021 amapereka milungu 8 kuchokera pamene nkhani inagamulidwa. Mukachedwa, muyenera kuyamba mwapempha khoti kuti likukhululukireni, ndipo "ndimadikira yankho lawo" si nthawi zonse limamveka kwa jaji. Choncho kalata ija ipite sabata ino.

Funsaninso ngati lamulo la laisensi yanuyo lili ndi njira ya apilo, chifukwa nkhani zina zimayamba kupita ku Administrative Court, khoti lapadera lomva apilo pa zigamulo za maofesi aboma, ndipo High Court ikhoza kukubwezani ngati mwadumpha khomo limenelo. Komanso kukasuma sikuimitsa chigamulo: musatsegule shopu poganiza kuti mlandu uli kukhoti.

Mapepala akukhoti afuna loya. Ngati m'thumba mwauma, pitani ku Legal Aid Directorate kapena ku Legal Resources Foundation mutanyamula lisiti, kope ya pempho ndi kalata yachidindo ija.