Jombo za Wesco zogula pa kaunjika: n'za ndani, nanga zimafuna polishi?

Funso: Akonzi, ndagula pa kaunjika jombo zakuda zofika m'mawondo, zopanda zingwe, zolembedwa Wesco. Mnzanga akuti ku America zimavalidwa ndi amuna okondana amuna okhaokha. N'zoona? Nanga ndizizipaka polishi wanji? Ndine wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Mnzanuyo sananame, kungoti nkhaniyi waiyambira pakati. Wesco ndi kampani ya ku Oregon, ku America komweko, yomwe inayamba mu 1918, ndipo inkasokera jombo anthu odula mitengo m'nkhalango. Mtundu mwagulawo, wa kalamba pa akakolo ndi kena pamwamba, umatchedwa engineer. Okwera njinga zamoto anaukonda poti ulibe chingwe choti n'kukodwa.

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, amuna ena okonda amuna anzawo anayambitsa makalabu a njinga zamoto, monga Satyrs ya ku Los Angeles mu 1954. Jekete lachikopa ndi jombo zinasanduka chizindikiro chawo. Ku San Francisco anachulukira m'dera la South of Market: Alan Selby anayambitsa sitolo ya Mr. S Leather mu 1979, chikondwerero cha Folsom Street Fair chinayamba mu 1984, ndipo pambuyo pake sitolo ya jombo ya Stompers, pa 10th Street, inatchuka ndi Wesco. Luso la sitolo yotere linali pa kuyeza, chifukwa jombo zazitali zambiri amasoka pa oda. Amajambula phazi papepala munthu ali chiimire, n'kuyeza katumba pamwamba pa buluku lomwe azidzalipisira m'jombomo. Kuyeza mwendo wosavala, jombo imadzathina.

Opukuta jombo m'gululi ndi olemekezeka, moti ali ndi mpikisano wawo ku Chicago kuyambira 1993. Iwo amayamba aona kaye chikopa.

Kandani pang'ono ndi chikhadabo, kenako fikisani ndi chala. Ngati mzerewo wafufutika ndipo chikopa n'chosanyezimira, chamafutamafuta, polishi wa m'chitini musayerekeze: sagwira bwino, amangochita zigambazigamba. Wesco zambiri za mtunduwu n'zotere. Chotsani fumbi ndi bulashi, makamaka m'mphepete momwe chikopa chasokedwera ku soli, tsukani ndi kansalu konyowa ndi sopo wa zikopa, zikauma pakani ndi zala mafuta osamalira chikopa, ochepa chabe. Mukachulutsa, chikopa chimafewa kwambiri ndipo jombo imagwa m'akakolo.

Ngati chili chosalala, cholimba ndi chowala, polishi ndi wake. Kulungani nsalu yathonje pachala, pakani pang'onopang'ono mozunguliza, dontho limodzi la madzi, n'kubwerezanso. Muunjike kutsogolo ndi ku chidendene kokha. Popinda phazi, polishi wochindikala amang'aluka.

Zikanyowa ndi mvula, pakirani nyuzipepala m'kati, ziume pamthunzi. Pafupi ndi mbaula chikopa chimauma gwa n'kusweka.