Mizinda imene ndingabwerereko ndalama zitapezeka

Achimwene, mwafunsa kuti mwa mizinda ikuluikulu ya padziko lapansi imene tinafikako, ndi iti imene tingaiwonongerenso ndalama kachiwiri, nanga ndi iti imene kuiona kamodzi n'kokwanira. Ndaona anzathu ambiri akungoponya mayina, wina Dubai, wina Paris, wina New York. Ine mundilole nditambasule pang'ono, chifukwa tikiti ya ndege si yamasewera, ndipo kwa ife amene timathamanga kaye kusaka madola tisananyamuke, kubwerera kumene tinafikako kale ndiye kuti tasiya dala mzinda wina umene sitinauonepo.

Muyeso wanga ndi umodzi. Mizinda ina imakukhuthulirani zonse pa ulendo woyamba: mwaona nsanja yotchuka ija, mwajambulitsa, mwagula mphatso za ana, zatha. Ina, zimene munapitirazo mumazimaliza m'masiku awiri koma mzinda weniweniwo muli musanauyambe n'komwe, chifukwa eni ake akukhala, kuphika, kupemphera ndi kugulitsa malonda pakati pa zinthu zakalezo, ndipo inu mungathe kulowerera pakati pawo wapansi kapena pa basi ya anthu wamba. Yotereyi ndiyo yobwererako.

Woyamba kwa ine ndi Istanbul wa ku Turkey, mzinda umene nyanja inaugawa pakati, mbali ina ku Ulaya ina ku Asia, ndipo pamenepa sindikayika. Aliyense wofika koyamba amathamangira ku Hagia Sophia, ndipo n'zoyenera. Chinyumba chimenechi anamaliza kumanga mu 537 mu ulamuliro wa mfumu Justinian ngati tchalitchi, chinasanduka mzikiti mfumu ya Aturuki Mehmed II italanda mzindawu mu 1453, m'zaka za m'ma 1930 chinakhala nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo mu 2020 chinabwereranso kukhala mzikiti. Mukakwera m'chipinda chapamwamba mumaona zithunzi za Yesu ndi Mariya zopangidwa ndi timiyala tagolide, kwinaku mayina a Allah ndi Muhammad atapachikidwa pa zikwangwani zikuluzikulu zozungulira m'nyumba yomweyo. Chapafupi pali chitsime cha pansi panthaka, Basilica Cistern, cha mizati 336, chimene chinkasunga madzi a mzindawu. Zonsezi mumaziona tsiku limodzi muli m'chikhamu cha alendo anzanu, phewa ndi phewa.

Ulendo wachiwiri ndi umene mumapeza Istanbul ya eni ake. Mumagula kakhadi kotchedwa Istanbulkart, kamene kamagwira ntchito pa basi, pa sitima ya pamsewu, pa sitima ya pansi panthaka ndi pa sitima ya pamadzi. Mumakwera sitima ya pamadzi ku Eminönü kupita ku Kadıköy, ndipo pa mtengo wosasiyana kwambiri ndi wa basi wamba mwachoka ku Ulaya mwafika ku Asia theka la ola lisanakwane. Anthu amene mwakhala nawo pa benchi si alendo ayi, ndi aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'maofesi amene amaoloka nyanjayi tsiku ndi tsiku, akumwa tiyi wakuda m'timatambula tating'ono ndi kuponyera mbalame zidutswa za simit, kamkate kozungulira kowaza chitowe. Kutsidyako kuli msika wa nsomba, azitona ndi tchizi, ndipo chakudya chake n'chotsika mtengo kuposa cha kufupi ndi Hagia Sophia. Tsiku lina mumakwera chitunda kupita ku mzikiti wa Süleymaniye, umene katswiri womanga Sinan anaumaliza mu 1557. Kulowa n'kwaulere bola isakhale nthawi ya swala, amayi afunde mpango kumutu, nsapato zivulidwe pakhomo. Bwalo lake lakumbuyo limayang'ana nyanja yonse, ndipo kwa ine ndi malo okongola kuposa Blue Mosque imene anthu amaimira pamzere. Mukakhala ndi mphamvu m'miyendo, tsatani linga la mfumu ya Aroma Theodosius, lomangidwa m'zaka za m'ma 400, limene linatchinjiriza mzindawu kwa zaka pafupifupi 1,000. M'mbali mwa linga limenelo anthu analima timadimba ta ndiwo zamasamba mpaka lero. Mzinda wa anthu oposa 15 miliyoni, koma munthu akupalira letesi m'munsi mwa khoma la Aroma. Chenjezo langa ndi limodzi: a matakisi ena amakweza mtengo akaona kuti ndinu mlendo, choncho gwiritsani ntchito kakhadi kaja, simudzasowa kofika.

Wachiwiri ndi Cairo, ndipo ndikudziwa kuti ena muno anditsutsa. Amene anafikako kamodzi ambiri amabwerako atatopa: phokoso la mahutala usana ndi usiku, fumbi, ndi anyamata a ngamila a ku mapiramidi a Giza amene amakukakamirani mpaka mutu kuwawa. Zonsezo n'zoona. Koma vuto ndi lakuti ulendo woyamba munthu amathera nthawi yake yonse pamalo amodzi amene alendo amavutitsidwa kwambiri. Mapiramidi muyenera kuwaona ndithu, piramidi ya farao Khufu yakhala chiimire kwa zaka pafupifupi 4,500, koma mukatero mwamasuka. Pobwereranso mumapita ku Saqqara, kummwera kwa mzindawu, kumene kuli piramidi ya masitepe ya farao Djoser, yakale kuposa za ku Giza, ndi manda amene makoma ake anajambulapo anthu akuweta ng'ombe, akusodza ndi kukolola. Munthu wokulira kumudzi amazindikira chilichonse chojambulidwa pamenepo. Ku Dahshur, patsogolo pang'ono, mungathe kulowa m'kati mwa piramidi popanda chikhamu.

M'tauni momwemo muli msewu wa Al-Muizz, umene mbali zonse ziwiri muli mizikiti, sukulu ndi manda a mafumu a zaka mazanamazana, ndipo madzulo mabanja a ku Cairo amatuluka kudzangoyenda ndi ana awo. Mzikiti wa Al-Azhar unayamba kumangidwa mu 970 ndipo mpaka lero ndi likulu la maphunziro a Chisilamu kumene ophunzira ochokera m'mayiko ambiri a mu Africa amapita. Wa Ibn Tulun, wa mu 879, uli ndi bwalo lalikulu lopanda phokoso, ndipo mungakwere nsanja yake imene masitepe ake amazungulira kunja. Kwa Akhristu, ku Cairo yakale kuli tchalitchi cha Abu Serga, pamalo pamene Akhristu a Chikoputiki amakhulupirira kuti Yosefe, Mariya ndi mwana Yesu anabisala pothawa Herode. Mumafikako pa sitima ya pansi panthaka, yoyamba mu Africa muno, imene inatsegulidwa mu 1987 ndipo ili ndi mabogi a amayi okhaokha. Njala ikakupezani funsani koshari: mpunga, mphodza, makaroni, tchana, msuzi wa tomato ndi anyezi wokazinga, mbale imodzi mwakhuta mpaka madzulo pa ndalama yochepa.

Chifukwa china chobwerera ku Cairo n'chakuti zinthu zasuntha. Amene munapitako kale munaona mitembo youmikidwa ya mafarao ku myuziyamu yakale ya pa Tahrir. Mu Epulo 2021 mitembo 22 ya mafumu ndi mafumukazi, kuphatikizapo Ramses II, anaisamutsira ku myuziyamu ina ku Fustat, m'Cairo momwemo. Ndipo pafupi ndi mapiramidi anamanga Grand Egyptian Museum, kumene katundu wa m'manda a farao Tutankhamun, zinthu zoposa 5,000, wasonkhanitsidwa pamodzi. Mupite pakati pa Novembala ndi Malichi. Julayi ndi Ogasiti kumatentha koti simungayende masana.

London ndimaiika pachitatu, ngakhale kuti ndi yodula ndipo viza yake imapweteka, chifukwa akakukanani ndalama yanu sibwerera. Chimene chimaipulumutsa n'chakuti zinthu zake zabwino kwambiri n'zaulere. British Museum, National Gallery, Natural History Museum, Tate Modern, zonsezi mumalowa osalipira, ndiye palibe chokukakamizani kumaliza zonse tsiku limodzi. Mungalowe ola limodzi, kuona chipinda chimodzi, n'kutuluka. Mumayenda m'menemo mtima uli pawiri, chifukwa zina mwa zimene mukusirira, monga ziboliboli zamkuwa za ufumu wakale wa Benin ku Nigeria, zinalandidwa ndi asilikali a Britain mu 1897 ndipo eni ake akuzifunabe. Ine ndimati zibwerere kwawo, koma pakali pano zili kumeneko, ndipo mwana wa mu Africa ayenera kukaziona ndi maso ake.

Kwa ife London ilinso ndi mbiri yathu m'misewu mwake. M'kati mwa tchalitchi cha Westminster Abbey, pansi pamene anthu amaponda, pali manda a David Livingstone, amene anaikidwa mu 1874 antchito ake Susi ndi Chuma ndi anzawo atanyamula thupi lake kuchokera kwa Chitambo ku Zambia, kumene mtima wake unakwiriridwa, mpaka kugombe la nyanja ya mchere. Kulowa ngati mlendo kumalipiritsa, koma mapemphero a madzulo ndi aulere. Ku Harlesden, kumpoto chakumadzulo kwa mzindawu, ndi kumene Dr Kamuzu Banda ankagwira ntchito ya udokotala nkhondo yachiwiri itatha, asanapite ku Ghana. Ku Lancaster House mu 1960 ndi ku Marlborough House mu 1962 ndi kumene kunachitikira zokambirana zimene zinatsegula njira ya ufulu wa Nyasaland. Ulendo woyamba palibe amene amakutengerani kumeneko, onse amafuna mukajambulitse pa Big Ben. Ndipo ngati muli ndi wachibale wokusungani, theka la mtengo wa ulendo lachoka kale.

Tsopano Dubai, poti ndi imene yatchulidwa kwambiri muno. Ngati mumakaoda katundu ku Deira, dera la misika la mzindawu, mafoni, nsalu kapena zipangizo za galimoto, mudzabwererako ndithu, koma imeneyo ndi ntchito. Ngati ndi kokacheza, kamodzi n'kokwana. Burj Khalifa, nyumba yosanja yotalika mamita 828, ndi yodabwitsa tsiku loyamba, koma mukakwera kachiwiri mudzaona zomwezo. Miyezi yotentha kumadutsa madigiri 40, moti moyo wonse umakhala m'nyumba zoziziritsa ndi m'mashopu akuluakulu, ndipo chilichonse chosangalatsa chimafuna mutulutse chikwama. Chimene ndinachikonda kumeneko ndi kabwato kamatabwa kotchedwa abra, kooloka pakati pa Deira ndi Bur Dubai pa ndalama yachitsulo, mutakhala limodzi ndi antchito a ku India, Pakistan ndi Bangladesh amene anamanga mzindawo ndi manja awo.

Pakati pa Paris ndi Rome ndingasankhe Rome. Paris ndi yokongola, ndipo Notre-Dame, tchalitchi yake yotchuka imene inapsa mu Epulo 2019, anaitsegulanso mu Disembala 2024, choncho amene anaipeza yotseka ali ndi chifukwa chobwererako. Koma Rome ili ngati mphika wa nsima yadzulo, mukapala pamwamba mumapeza zina pansi. Ku tchalitchi cha San Clemente mumatsika masitepe kuchoka m'tchalitchi cha zaka za m'ma 1100, kulowa m'china cha m'ma 300, kutsikanso mpaka m'nyumba za Aroma akale ndi kachisi wa mulungu wawo Mithras, madzi akuyenda pansi panu. Matchalitchi ambiri kulowa n'kwaulere, madzi akumwa ali m'mipope ya m'misewu, ndipo pakati pa mzinda mumayenda wapansi.

Pomaliza ndinene za Joni, chifukwa ambiri sitiiwerengera ngati mzinda wokacheza. Timatsika basi ku Park Station, kuoda katundu, kugona kwa m'bale, kubwerera. Komatu mzinda umenewu unamangidwa pa golide amene anapezeka mu 1886, ndipo agogo athu ambiri anakumba nawo golideyo atatengedwa ndi Wenela, mpaka boma linaimitsa zimenezo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi. Ulendo wina mukapita, patulani masiku awiri opanda malonda. Pitani ku Apartheid Museum, ku Constitution Hill kumene khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linamangidwa m'kati mwa ndende imene munatsekeredwapo Gandhi ndi Mandela, ndi ku Soweto kumene kuli chikumbutso cha Hector Pieterson ndi ana asukulu amene anaomberedwa pa 16 Juni 1976. Za chitetezo musazitenge mopepuka: foni m'thumba, usiku osayenda wapansi, ndipo mufunse amene akukhala komweko kuti ndi misewu iti yoyenera kuipewa.

Za mayendedwe, ndege ya Ethiopian Airlines yochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre kudzera ku Addis Ababa imakufikitsani ku Cairo ndi ku Istanbul komwe. Malamulo a viza amasintha kawirikawiri, ndiye funsani ku ofesi ya kazembe wa dzikolo musanagule tikiti, ndipo onetsetsani kuti pasipoti yanu yatsala ndi miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Ku Istanbul miyezi yabwino ndi Epulo, Meyi, Sepitembala ndi Okutobala. Mukasankha kumeneko, achimwene, pezani malo ogona ku Kadıköy kapena ku Üsküdar, kutsidya la Asia, kuti tsiku lililonse muziyamba ndi kuoloka nyanja.